Ndilembe kuti ndili ndi “passion” pamene uzamba sindinachite kuusankha?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mzamba wina wa pachipatala chaching'ono cha kumudzi. Anandipempha kuti ndisatchule dzina lake kapena dera limene ali. Akufunsira mwayi wa maphunziro wa Chevening, uja boma la Britain lakhala likupereka kuyambira 1983 kwa anthu ofuna kukachita digiri ya masitazi ya chaka chimodzi kumeneko. Mwachidule, analemba motere:

“Anzanga amene anafunsirapo akuti m'nkhani zanga zofunsira mwayiwu muzimveka passion, muzioneka purpose, ndiponso ndilembe ndi voice yangayanga. Mawu amenewa ndimawamva tsiku ndi tsiku, koma ndikati ndiwalembe ndimaona ngati ndavala nsapato za mwini. Komanso kunena zoona, ntchitoyi sindinachite kuisankha. Ndinkafuna kukhala loya, mapointi anga a MSCE sanandilole, malo anapezeka ku unamwino, ndinapita. Tsopano papita zaka 7. Ndikalemba kuti I have always been passionate about midwifery ndikhala ndikunama. Ndilembe chiyani? Nanga za Mulungu ndingazitchule?”

Achemwali, zikomo pondiuza zakukhosi. Ndiyambire pa chiganizo chija: musachilembe. Mwanena nokha kuti si choona, ndipo chifukwa chimenecho n'chokwanira. Koma ngakhale chikanakhala choona ndikanakuletsanibe, chifukwa chinatha ngati nsalu yochapidwachapidwa. Bungwe la UCAS, limene limalandira makalata a ofunsira malo m'mayunivesite a ku Britain, linawerengapo ziganizo zimene ofunsira a mu 2015 ankayambira nazo. Chobwerezedwa koposa chinali choyamba ndi “From a young age I have”, ndipo anachilemba anthu oposa 1,700. Pamndandanda womwewo panalinso “I have always been passionate about”, komanso china chokhudza ntchito yanu, choyamba ndi “Nursing is a very challenging and demanding”. Munthu amene wawerenga makalata mazanamazana akafika pa mawu otere maso ake amangodutsa, salowa nawo mumtima.

Tsono liwu lenilenilo la passion ndikufuna tilisende bwinobwino, chifukwa ndikuona kuti anzanu akuuzani theka la tanthauzo lake, ndipo theka limene asiyalo ndi limene likukukhudzani.

Liwuli linachokera ku Chilatini, ku mneni pati, kutanthauza kuvutika kapena kupirira. Pamene linkalowa m'Chingerezi, zaka zoposa 800 zapitazo, silinkanena za kukonda ntchito ngakhale pang'ono. Linkanena za masautso a Yesu, kuyambira usiku wa ku Getsemane mpaka pamtanda. Mpaka lero akalilemba ndi chilembo chachikulu, the Passion, amanena zimenezo, ndipo mudzalimva m'mapemphero a Chingerezi a Lachisanu Loyera. Ngakhale magalagadeya aja timadya, amene pa Chingerezi amati passion fruit, dzinalo silinachokere ku chikondi monga ambiri amaganizira. Amishonale a ku South America anayang'ana duwa lake n'kuonamo chisoti chaminga, misomali ndi mabala a Ambuye.

Muzu womwewo wa pati ndi umene unabala patient, liwu limene mumalitchula kangapo pa ola. Wodwala ndi patient chifukwa akuvutika. Munthu wodekha ndi patient chifukwa akupirira. Compassion ndi passion yemweyo atamuika kaphatikizo kotanthauza pamodzi, ndiye kuti kuvutika limodzi ndi mnzako. M'kupita kwa nthawi passion anayamba kutanthauza chilichonse chimene chimamugwira munthu mwamphamvu mpaka kumulaka, monga mkwiyo, nsanje ndi chilakolako. Kwa zaka mazana angapo alaliki ndi aphunzitsi a Chingerezi ankachenjeza anthu kuti azilamulira ma passion awo. Tanthauzo limene anzanu akunena, la kukonda chinthu ndi mtima wonse, linabwera pambuyo pa zonsezi.

Nkhani ya mbiriyi ndaifotokoza chifukwa cha zimene munalemba kumunsi kwa imelo yanu, ngati nkhani yongodutsa. Munati munazindikira kuti atsikana ochira ali aang'ono sabwereranso kusikelo akatuluka m'chikuta, chifukwa amachita manyazi kukhala pabenchi limodzi ndi amayi a msinkhu wa amayi awo. Munati munapempha kuti Lachinayi masana likhale la atsikana okhaokha, ndipo munayamba kuyenda ndi alangizi a zaumoyo m'midzi kukawafunafuna, nthawi zina pa tsiku lanu lopuma. Palibe anakutumani, ndipo palibe alawansi imene munalandira. Achemwali, m'tanthauzo lake lakale, passion ndi ameneyo: chinthu chimene munthu walolera kuchivutikira. Simunabadwe nacho ndipo simunachisankhe muli Fomu 4, koma zimenezo sizichichepetsa.

Palinso kafukufuku wogwirizana ndi zimenezi. Mu 2018 akatswiri atatu a za maganizo a munthu, Paul O'Keefe, Carol Dweck ndi Gregory Walton, anafalitsa zimene anapeza poyerekeza anthu okhulupirira kuti passion ndi chinthu chobisika mwa munthu chongoyembekeza kupezedwa, ndi anthu okhulupirira kuti chimachita kukula. Oyambawo ankataya chidwi msanga zinthu zikayamba kuvuta, chifukwa ankaganiza kuti chikakhala chako chenicheni sichingakuvute. Langizo lotchuka la follow your passion limaganiza kuti aliyense ali ndi ufulu wosankha kosi imene akufuna. Kwathu kuno ambirife tinapita kumene dzina lathu linatuluka, kapena kumene makolo akanatha kulipira. Ine ndemwe uphunzitsi wa Chingerezi ndinaulowa chotero, ndipo ndinayamba kuukonda m'chaka chachitatu, nditaona mwana amene sankatsegula pakamwa m'kalasi akuimirira kuwerenga ndakatulo yake pamaso pa sukulu yonse. N'chifukwa chake funso lanu landikhudza.

Mukafuna kuligwiritsabe ntchito liwuli, kamodzi kokha n'kokwanira, ndipo samalani timawu totsatana nalo. Amati a passion for, ndiponso passionate about. Ndimaona kawirikawiri “my passion of nursing” ndi “I am passionate with my patients”. Choyambacho n'cholakwika chabe. Chachiwiricho n'choopsa, chifukwa passionate akakhala pafupi ndi munthu amapendekera ku chikondi cha mwamuna ndi mkazi. Chimene mukufuna kunena pamenepo ndi compassionate towards kapena devoted to.

Chimene ndimaona n'chakuti pa nkhani imeneyi Chichewa chimasiyanitsa bwino kuposa Chingerezi cha m'makalata ofunsira ntchito. Passion akumusenzetsa katundu wa mawu athu anayi kapena asanu. Choncho musanalembe, dzifunseni m'chinenero chathu kuti chimene chili mumtima mwanu n'chiyani. Ngati ndi chidwi, Chingerezi chake ndi interested in, curious about kapena drawn to. Ngati ndi khama, nenani committed to kapena dedicated to, ndipo awa ndi amene ndikuona kuti akukuyenerani, chifukwa amanena za kusabwerera m'mbuyo. Ngati ndi changu, pali keen to ndi enthusiastic about, ngakhale kuti enthusiastic amamveka ngati wa munthu wongoyamba kumene, osati wa zaka 7 m'chipinda chochirira. Liwu limenelo linachokera ku Chigiriki, kutanthauza kulowedwa ndi mulungu, ndipo m'zaka za m'ma 1700 ku England linali chipongwe chimene ankanyozera nacho otsatira a mlaliki John Wesley. Ngati ndi kukhudzidwa, liwu lake ndi care: “I care about what happens to these girls after discharge”. Ndi lalifupi, mwana wa Sitandade 5 amalidziwa, koma pa mawu onsewa ndi limene ndimalikhulupirira ndikaliwerenga.

Pa purpose sinditaya nthawi yambiri, chifukwa vuto lake ndi losavuta. Apa zinthu zatembenuka: ife tili ndi liwu limodzi, cholinga, pamene Chingerezi chili ndi angapo. Goal ndi cholinga chokhala ndi pothera, choti mukachifikira aliyense aona, monga chigoli pampira. Objective ndi gawo laling'ono loyezeka, lija mumalemba m'mapulani a ntchito. Aim ndi kumene mwalozetsa. Purpose amayankha funso lakuti “chifukwa chiyani”. Kuchepetsa chiwerengero cha atsikana osabwerera kusikelo m'dera lanu pofika chaka chakutichakuti ndi goal. Kufuna kuti mtsikana asataye moyo kapena sukulu chifukwa cha mimba yoyamba ndi purpose. A Chevening ali ndi funso la mapulani a ntchito yanu mukadzabwerako, ndipo kumeneko akufuna ma goal, otchula nthawi ndi malo. Kumbukirani kuti amafuna mubwerere kwanu kwa zaka zosachepera 2 mukamaliza, ndiye zimene mulembe zikhale zotheka kuchitika kunoko. Musasokonezenso ndi on purpose, amene amangotanthauza mwadala. Ndipo ambition musamuope. Kwathu munthu wonena poyera kuti akufuna udindo timamuyang'ana ndi diso lina, ndipo nawo Aroma akale liwuli ankanenera andale ozungulira m'misewu kupempha mavoti, koma m'Chingerezi cha lero ambitious ndi chiyamikiro.

Tsopano za Mulungu. Liwu limene mukulifuna ndi calling, kapena vocation, ndipo Chichewa chake ndi chija timamva kutchalitchi, maitanidwe. Vocation anachokera ku mneni wa Chilatini vocare, kuitana. Kale ku Ulaya linali liwu la ansembe ndi masisitere okha, mpaka m'zaka za m'ma 1500 pamene Martin Luther anaphunzitsa kuti mlimi, wosoka nsapato ndi mayi wolera ana nawonso ntchito yawo ndi maitanidwe. Kuchokera pamenepo liwuli linafalikira ku ntchito zamanja, ndipo chilembo cha V m'dzina la TEVETA chikuimira vocational yemweyo. Mu unamwino calling ndi liwu lakale ndithu. Florence Nightingale, namwino wotchuka wa ku England, analemba yekha kuti anamva Mulungu akumuitana mu 1837, ali ndi zaka 16.

Mu 1997 Amy Wrzesniewski ndi anzake anafunsa anthu ogwira ntchito zosiyanasiyana ku America mmene amaionera ntchito yawo, ndipo anawagawa patatu. Ena amaiona ngati job, yongopezerapo ndalama. Ena ngati career, makwerero opita pamwamba. Ena ngati calling, ntchito imene paiyo yokha ili ndi tanthauzo kwa iwo. Chochititsa chidwi n'chakuti ngakhale pakati pa anthu a ntchito imodzimodzi, pamalo amodzi, magulu atatuwa ankapezeka onse. Ndiye kuti calling sachokera ku dzina la ntchito. Mawu atatuwa ndi othandiza kwa inu, chifukwa amakupatsani njira yonenera zoona: uzamba unayamba ngati job, ndipo penapake unasanduka china. Mukhoza kulemba zimenezo.

Koma kodi mutchule Mulungu? Chikhulupiriro chanu musachite nacho manyazi, ndipo akakufunsani pa intaviyu chimene chimakulimbitsani, yankhani zoona. Komabe m'nkhani zolembazo ndingakulangizeni kuti musakhazikepo mfundo zanu. Owerengawo ndi anthu a zikhulupiriro zosiyanasiyana, ena sapemphera, ndipo onse apatsidwa ntchito yofufuza umboni wa zimene mwachita. “God called me to serve” sangathe kuipatsa malikisi, pamene Lachinayi la atsikana lija angathe. Liwu la calling palokha, popanda kuwonjezera, aliyense amalimva ndipo silikhumudwitsa munthu.

Ndafika pa voice, pamene ndikufuna kukhalitsa, chifukwa ndi pamene ambirife timagwa. Voice anachokera ku vox, liwu, ndipo ndi wa banja limodzi ndi vocare uja. Kuitanidwa ndi kutulutsa liwu ndi zapachibale. M'banja lomwelo muli vocal, vocabulary, ndi advocate, munthu woitanidwa kudzalankhulira mnzake pamlandu. Munkafuna kukhala loya, ndipo tsiku limene munapita kwa akuluakulu anu kukapempha tsiku la atsikana, ntchito imene munagwira Chingerezi chimaitcha advocacy. Amati advocate for munthu kapena chinthu.

Find your voice ali ndi matanthauzo awiri. Loyamba ndi kulimba mtima n'kuyamba kulankhula pamene kale unkangokhala chete. Lachiwiri, limene anzanu akunena, ndi kulemba mwa njira yakuti wokudziwa akawerenga azindikire kuti ndi iwe. Pa tanthauzo loyambalo pali timawu tofanana timene timasokoneza. Speak up ndi kulankhula pamene ukanatha kukhala chete, monga pamsonkhano wa ogwira ntchito. Speak out ndi kudzudzula choipa poyera, ndipo amati speak out against. Talk back ndi kubweza mawu mwamwano, ndiye musadzitamande nako. Raise a concern ndi kupereka dandaulo mwaulemu, koma raise your voice ndi kukalipa. Ndinawerengapo kalata ya munthu wofatsa kwambiri amene analemba kuti “I raised my voice to the district officer”, akufuna kunena kuti anakadandaula, koma zinamveka ngati anakamulalatira bwanayo. Have a say ndi kukhala ndi mbali pa chigamulo. Assertive ndi munthu wonena maganizo ake mosapsatira koma mwaulemu, aggressive ndi waukali. Outspoken ali pakati, ena amamumva ngati chiyamikiro, ena ngati chenjezo.

Pali mawu amodzi amene ndikupemphani kuti muwapewe, ngakhale amamveka okoma: a voice for the voiceless. Mabungwe awalemba pa zikwangwani mpaka atopetsa, koma chifukwa changa chachikulu si chimenecho. Atsikana anu aja si osalankhula. Anakuuzani okha chifukwa chimene sankabwerera kusikelo, ndipo njira ya Lachinayi inachokera pa zimene ananena. Chimene chinkasowa ndi wowamvera. Mukalemba kuti “I asked them why they stayed away”, mwanena zoona, mwawapatsa ulemu, ndiponso mwasonyeza utsogoleri umene a Chevening amaufunsa m'funso lawo loyamba.

Nanga n'chifukwa chiyani liwu lathu limathawa tikangoyamba kulemba Chingerezi? Ndaphunzitsa phunziroli zaka zambiri, ndipo ndikuvomereza kuti gawo lina la mlandu ndi la ife aphunzitsi. Kusekondale kumene ndinaphunzira, wopezeka akulankhula Chichewa ankapatsidwa chibalo. Tinaphunzira Chingerezi ngati chinenero chimene cholinga chake n'kusalakwitsa. Tinaloweza mawu oyambira chimangirizo, tinaloweza “I humbly beg to apply”, tinauzidwa kuti liwu lalitali limaposa lalifupi. Zotsatira zake, munthu amene pa Chichewa amafotokoza nkhani mpaka anthu kusiya kudya, akagwira cholembera pa Chingerezi amasanduka kalata ya kuofesi. Amalemba utilise m'malo mwa use, endeavour m'malo mwa try, commence m'malo mwa start. Imelo yanu munailemba m'Chichewa chosakaniza, ndipo munali inuyo m'chiganizo chilichonse. Ndime ya Chingerezi imene munaphatikizapo ngati chitsanzo inalibe mwini.

M'ndime imeneyo ndinapezamo zinthu ziwiri zimene zikukubisani. Choyamba ndi galamala imene dzina lake lomwe lili ndi voice: passive voice. Passive nayenso ndi mwana wa pati uja, wochitiridwa osati wochita. Munalemba kuti “A special clinic day was introduced and follow-up visits were conducted”. Anayambitsa ndani? Anayenda ndani? Wowerenga ku London sangadziwe kuti ndi inu. Malipoti a kuchipatala anakuzolowezani kulemba chotero, ndipo kumeneko n'koyenera, koma pano lembani “I proposed a separate clinic day” ndi “I visited them at home”.

Chachiwiri ndi we. Ichi ndimachimvetsa kwambiri, chifukwa tinaleredwa kuti mutu umodzi susenza denga, ndipo munthu womangoti ine, ine, timamuona ngati wodzikweza. Ulemu umenewo ndi wabwino ndipo musautaye. Koma wowerenga uja akusankha munthu mmodzi, osati chipatala chonse, ndipo akawerenga “we decided” sadziwa ngati munatsogolera kapena munangokhala nawo pamsonkhano. Njira yake ndi kugawa moona mtima. Pamene munachita nokha, I. Pamene munachitira limodzi, tchulani anzanuwo ndi ntchito yawo: “I drew up the list, and two health surveillance assistants helped me trace the girls”. Simunalande ulemu wa munthu, ndipo simunadzibise.

Mphamvu ya nkhani yanu idzachokera ku aneni, osati ku mayina akuluakulu aja atatu. Noticed, asked, persuaded, organised, trained, stayed, changed, failed. Inde, failed nayenso. Ngati mwezi woyamba kunabwera atsikana awiri okha, nenani, kenako fotokozani chimene munasintha. Ziwerengero zikhale zanu, za m'kaundula wa pachipatala panu, zimene mungaziikire kumbuyo akakufunsani. Pafupifupi mzamba aliyense wofunsira adzatchula kafukufuku wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016, amene anapeza kuti amayi 439 ankamwalira pa ana 100,000 aliwonse obadwa amoyo. Chiwerengerocho n'choona ndipo n'chowawa, koma n'cha aliyense. Chiwerengero cha atsikana amene anabwera Lachinayi loyamba ndi amene akubwera tsopano muli nacho inu nokha.

Njira imene ndimapatsa ophunzira anga ndi iyi. Musayambe ndi kulemba. Tengani foni, tsegulani chojambulira mawu, ndipo fotokozani m'Chichewa, ngati mukuuza mayi anu aang'ono pakhonde, za tsiku limene munazindikira kuti atsikana aja sakubwera. Lankhulani mphindi 10 osadzikonza. Mawa lake mvetserani, ndipo lembani ziganizo zisanu kapena zisanu ndi chimodzi zimene zakugwirani mtima. Zimenezo ndiye muzipititse ku Chingerezi, ndi mawu afupiafupi amene mungawatchule pakamwa osapunthwa. Mukamaliza werengani mokweza. Chiganizo chimene simungachinene kwa munthu maso ndi maso chichotseni. Zipangizo monga ChatGPT musazipatse kuti zikulembereni. Zimatulutsa Chingerezi chosalala, koma zimapatsa aliyense liwu limodzimodzi, lodzaza ndi passion ndi purpose yemwe uja tikumuthawa, ndipo pa intaviyu adzakufunsani za mawu amene simunawaganize nokha.

Kuti muone chimene ndikunena, nachi chitsanzo chimene ndapanga kuchokera pa imelo yanu. Musachikopere, chifukwa chikatero chikhala liwu langa:

“I did not plan to become a midwife. I wanted to study law, and nursing was the place I was offered. In my fourth year of practice I noticed that our youngest mothers rarely came back after delivery. I asked them why. They told me they were ashamed to queue beside women of their mothers' age. I persuaded my in-charge to give them Thursday afternoons.”

Mulibe passion, mulibe purpose, mulibe voice, koma wowerenga akamaliza adzakhala ataziona zonse zitatu. Chaka chachinayicho ndangoika ine, inu muike chenicheni. Onaninso kuti chiganizo choyamba ndi chija munkachita nacho mantha, choonadi chakuti simunasankhe. Pakati pa makalata oyamba ndi “From a young age”, chimenechi ndi chimene chingamudzutse munthu. Ndipo ngati mungafune liwu limodzi loti mulisunge mumtima polemba, tengani dzina la ntchito yanu. Midwife anachokera ku Chingerezi chakale, mid kutanthauza pamodzi ndi, wif kutanthauza mkazi: amene ali pamodzi ndi mayi.

Kanthu komaliza, kakang'ono koma kofunika. M'ndime yanu ija munalemba “my carrier goals” kawiri. Carrier ndi chonyamulira, monga kaliyala wa njinga, ndipo kuchipatala mukudziwa kuti ndi munthu wonyamula kachilombo kapena matenda a m'magazi iye osadwala. Ntchito ya moyo wanu ndi career, yokhala ndi e awiri, ndipo potchula mphamvu imagwera kumapeto. Kompyuta siidzakuchongerani cholakwikachi chifukwa onse ndi mawu enieni, ndiye mufufuze nokha m'nkhani zonse musanatumize. Mukalemba nkhani ya utsogoleri ija, nditumizireni limodzi ndi mawu a Chichewa amene mwajambula, kuti ndione ngati zimene munanena pakamwa zafika papepala.